Chimbudzi chaulere pamsewu waukulu, alipire ndani? Njira zimene America ikukanganirana

Amene anayendapo ulendo wa ku Joni pabasi amadziwa mmene zimakhalira dalaivala akakhotera pa Shell Ultra City kapena pa Engen 1-Stop. Mafuta pomwepo, chakudya pomwepo, chimbudzi pomwepo, kenako basi yabwerera mumsewu osalowa m'tauni. Ku America, dziko limene anthu ake amagulitsa chilichonse, zoterezi n'zoletsedwa pa misewu yambiri ikuluikulu ya Interstate. Ukaima pamalo opumira a boma upeza poimika galimoto, zimbudzi, mpopi wa madzi akumwa, matebulo angapo pansi pa mitengo, mapu pakhoma, ndi makina aja oponyamo ndalama n'kutulutsa zoziziritsa kukhosi kapena chokoleti. Golosale palibe, lesitilanti palibe, pampu ya mafuta palibe. Ukazifuna zimenezo, patuka, tuluka mumsewu, ukagule kwa amalonda a pamphambano.

Chiletsochi chinabwera ndi misewuyo. M'lamulo lomanga misewu ya Interstate limene Pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina mu 1956, aphungu anaikamo mfundo yoti chigawo (state) chimene chalandira ndalama za boma lalikulu chisalole malonda m'kati mwa malire a msewu. Anali ataona zimene zinkachitika pa misewu yolipiritsa monga Pennsylvania Turnpike, imene inatsegulidwa mu 1940, kumene kampani imodzi ya mafuta ndi lesitilanti imodzi zinkatenga msewu wonse, wapaulendo n'kusowa kothawira. Ankafunanso kuteteza matauni ang'onoang'ono amene misewu yatsopanoyo inkawalambalala. Misewu yolipiritsa imene zigawo zinamanga ndi ndalama zawo, komanso malo amalonda amene analipo chisanafike chaka cha 1960, anawasiya. N'chifukwa chake ku New Jersey, Ohio, Massachusetts kapena New York ungadye nkhuku yootcha pamsewu pomwe, pamene ku Arizona kapena Virginia uyenera kukhutira ndi za m'makina.

Vuto ndi lakuti chimbudzi sichibweretsa ndalama koma chimadya ndalama tsiku lililonse. Pafunika wokolopa usana ndi usiku, mapepala, sopo, magetsi, wotchetcha kapinga, wotaya zinyalala, wochotsa chipale chofewa m'nyengo yozizira. Malo ambiri ali kutali ndi tauni, kumene mapaipi a madzi safika, ndiye amadalira chitsime chawochawo ndi dzenje lawolawo la zonyansa. Pampu ikafa, malo onse atsekedwa. Udindo wosamalira zonsezi uli m'manja mwa zigawo, ndipo thumba lake ndi lomwelo lokwirira maenje ndi kukonza milatho. Thumbalo likuphwa. Msonkho wa boma lalikulu pa petulo waima pa masenti 18.4 pa galoni kuyambira 1993, pamene galimoto zamakono zikumwa mafuta ochepa ndipo zina sizimwa n'komwe.

Kusiya zinthu mmene zilili, kapena kutseka

Njira yosavuta kuifotokoza ndi yoti msonkho uzilipira, nkhani yatha. Texas ndi chitsanzo chake. Chigawochi chinamanganso malo ake opumira ambiri, ena okhala ndi posewerera ana, zionetsero za mbiri ya dera, ngakhalenso zipinda zolimba zothawiramo mphepo yamkuntho. Ubwino wake ndi woonekeratu: aliyense amalowa, wolemera ndi wosauka, palibe womuyang'ana m'maso kuti agule kanthu. Koma zimayenda pokhapokha ndalama zilipo ndipo andale akufuna. Chuma chikadwala, malo opumira ndiwo amayamba kudulidwa, poti palibe phungu amene anawinapo chisankho chifukwa cha chimbudzi.

Zinaoneka mu 2009. Virginia inatseka malo 19 mwa 42 kuti ipulumutse madola pafupifupi 9 miliyoni pachaka, kutanthauza kuti malo amodzi ankadya pafupifupi theka la miliyoni. Arizona inatseka 13 mwa 18. Anthu anakwiya kuposa mmene akuluakulu ankaganizira. Ku Virginia nkhaniyi inalowa m'kampeni, ndipo Bob McDonnell atakhala bwanamkubwa mu 2010 anawatsegulanso m'miyezi yochepa. Ku Arizona, kumene munthu amatha kuyenda m'chipululu nthawi yaitali osaona nyumba, bwanamkubwa Jan Brewer anapempha boma la ku Washington kuti lilole malonda pamalowa. Sizinatheke.

Amene kutseka kumawapweteka kwenikweni ndi madalaivala a mathiraki. Lamulo limawalola kuyendetsa maola 11, kenako apume maola 10 otsatizana, ndipo kuyambira December 2017 nthawiyi imalembedwa ndi kachipangizo ka m'galimoto, sizonamizira m'buku ngati kale. Maola akatha uyenera kuima, kaya malo alipo kaya palibe. Madzulo malo oimika mathiraki amadzaza msanga, ndiye uwapeza atandandalika m'mbali mwa msewu ndi m'mipata yolowera, malo amene galimoto zina zimadutsa pa liwiro lalikulu. Mu March 2009 dalaivala Jason Rivenburg anafika msanga pafupi ndi kumene ankakatsitsa katundu ku South Carolina, anasowa poima, n'kukagona pamalo omwetsera mafuta amene anasiya kugwira ntchito. Anaphedwa ndi wachifwamba amene anangotenga madola 7. Mkazi wake analimbikira mpaka mu 2012 lamulo lotchedwa Jason's Law linakhazikitsidwa, loika kusowa kwa malo oimika mathiraki pakati pa nkhani zofunika kuthiridwa ndalama. Aliyense amene akuwerengera zimene apulumutse potseka malo opumira aziwerengeranso zimenezi.

Missouri inasankha njira yapakati. Malo ena inagwetsa nyumba zake, n'kusiya bwalo loimika mathiraki, magetsi ndi zimbudzi zokumba zosafuna madzi. Mtengo umatsika kwambiri ndipo dalaivala wapeza pogona. Mayi amene ali ndi ana atatu m'galimoto kapena gogo wa panjinga ya olumala, iye sanaganiziridwe kwenikweni.

Kutolera pang'onopang'ono

Lamulo linasiya timipata. Kuyambira 1982 makina ogulitsa aja analoledwa, ndipo mwayi woyamba wowayendetsa unaperekedwa kwa anthu osaona kudzera m'mabungwe a zigawo, potsatira lamulo la Randolph-Sheppard la 1936. Mu 2012 anawonjezera kuti malo opumira angagulitse mabuku okopa alendo, mapu, matikiti a malo ochititsa chidwi, ndi kuika makina a lotale, bola ndalamazo zibwerere kosamalira malowo. Kampani ingathenso kulipira kuti dzina lake lioneke pachikwangwani. Kampani ya inshuwalansi ya GEICO inachita zimenezi ku Virginia ndi ku Arizona, n'kumatcha malowa kuti ndi poimira bwino ukafuna kugwira foni.

Palibe cholakwika ndi njirayi, kungoti ndi yaing'ono. Dongosolo la ku Virginia, kuphatikiza zikwangwani ndi makina, linkabweretsa madola pafupifupi 2 miliyoni pachaka. Mukakumbukira theka la miliyoni lija pa malo amodzi, ndiye kuti ndalamazo zikukwanira malo anayi okha mwa oposa 40. New York inayesa kukankha malire: inatsegula timasitolo ta Taste NY togulitsa zakudya zopangidwa m'chigawomo pamalo ena opumira, ogula n'kumadzilipirira okha pamakina kuti zioneke ngati ndi makina ogulitsa aja. Akuluakulu a misewu ku Washington sanasangalale nazo. Pamene chigawo chikuchita kupinda mawu a lamulo kuti chigulitse botolo la uchi, ndiye kuti lamulolo latsalira m'mbuyo.

Kubwereka chimbudzi cha wamalonda

Njira ina imatembenuza funso. M'malo mobweretsa malonda pamalo a boma, boma likutumiza anthu kwa amalonda amene alipo kale pamphambano. Dongosolo la Interstate Oasis, limene linachokera m'lamulo la 2005, limalola chigawo kuika chikwangwani pamsewu cholozera kwa wamalonda amene wavomera mfundo zingapo: akhale pamtunda wosapitirira mamailosi atatu kuchokera potulukira, atsegule usana ndi usiku chaka chonse, apereke chimbudzi ndi madzi akumwa kwaulere, ndipo alole galimoto ndi mathiraki kuima mpaka maola 10 popanda kukakamizidwa kugula. Idaho ndi Utah anagwiritsapo ntchito mgwirizano wotere.

Kwa boma iyi ndi yotchipa kuposa zonse, ndipo siikhumudwitsa amalonda a pamphambano chifukwa makasitomala akupita kwa iwo. Koma zigawo zochepa zokha ndi zimene zaitsatira. Chifukwa china n'chakuti malo otchuka a madalaivala monga Pilot kapena Love's amadzaza kale madzulo, ndiye mwini wake saona phindu lolonjeza malo aulere kwa munthu amene sagula ngakhale khofi. Chinanso, wamalonda akhoza kutseka, kugulitsa kapena kusintha maganizo, pamene chigawo chagwetsa kale malo ake. Ndipo kumene kulibe tauni kulibenso wamalonda womubwereka chimbudzi.

Kutsegula chitseko chonse

Apa ndiye pagona mkangano. Chigawo chimabwereketsa malo kwa kampani kwa zaka zambiri, kampaniyo imange, igulitse, ikolope zimbudzi, n'kumapereka gawo la zimene yapeza. Zimene zimachitika pa misewu yolipiritsa zikuonetsa kuti ndalama zake si zamasewera. Mu 2012 Maryland inapereka Maryland House ndi Chesapeake House, malo awiri opumira a pa msewu waukulu wa I-95, kwa kampani ya Areas USA kwa zaka 35. Kampaniyo inaika madola 56 miliyoni omangiranso malowo, ndipo chigawo chinkayembekezera kulandira oposa 400 miliyoni pa nthawi yonseyo. New York inapereka malo 27 a pa msewu wake wolipiritsa wa Thruway kwa gulu lotsogozedwa ndi Applegreen ya ku Ireland kwa zaka 33, pa ntchito ya madola 450 miliyoni yosakhudza msonkho.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Connecticut, chifukwa mitundu iwiri yonse ili m'chigawo chimodzi chaching'ono. Kuli malo amalonda 23 amene anaperekedwa kwa kampani mu 2009 kwa zaka 35, ndipo anamangidwanso, magetsi ngwee usiku wonse. Kulinso malo opumira a boma asanu ndi awiri. Ndalama zitavuta mu 2016, nyumba za malo a bomawa zinayamba kutsegulidwa masana okha, ndipo wofika usiku ankapeza chitseko chokhoma ndi timazimbudzi ta pulasitiki panja. Zinakhala choncho mpaka 2019. Wapaulendo yemweyo, usiku womwewo, pamsewu wina akulowa m'nyumba yofunda, pamsewu wina akuunikira ndi foni m'kabokosi konunkha.

Nanga bwanji osangolola paliponse? Mu March 2012 Rob Portman, amene panthawiyo anali phungu wa ku Ohio m'nyumba ya malamulo ya Senate, anabweretsa ganizo loti zigawo zizisankha zokha. Linagwa ndi mavoti 86 kwa 12. Boma la Donald Trump linaliikanso m'ndondomeko yake ya zomangamanga mu 2018, osapita patali. Ngakhale pamene lamulo lalikulu la 2021 linapereka madola 5 biliyoni omangira malo otchajira galimoto zamagetsi, chiletso chija chinatsala, moti malo otchajirawo akumangidwa kunja kwa msewu, pafupi ndi potulukira.

Otsutsa ali ndi mphamvu, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Bungwe la NATSO, loimira eni malo a madalaivala, pamodzi ndi a malesitilanti ndi ogulitsa mafuta, limati anthu awo anagula malo pamphambano, n'kumanga, n'kulemba antchito, podalira lonjezo la boma lakuti pamsewu pomwe sipadzakhala wopikisana nawo. Munthu wotopa akapeza chakudya ndi mafuta osapatuka, sapatukanso. Matauni ambiri a kumidzi amadalira msonkho wochokera pa mphambano imodziyo kuti alipire aphunzitsi ndi apolisi. Ndalama zimene likulu la chigawo lipeze pa lendi zikhoza kukhala zomwezo zimene khonsolo ya tauni yataya. Mbali ina ya mfundoyi ndi kudziteteza chabe kwa amalonda osafuna mpikisano, zimenezo n'zachidziwikire. Komabe ndalama zikangosamuka thumba ili kupita thumba ilo, dziko silinapindule.

Gulu lina limene anthu amaliiwala ndi la anthu osaona. Kwa ambiri a iwo makina a pamalo opumira ndiwo bizinesi yodyetsa banja, ndipo bungwe lawo la National Federation of the Blind lakhala likukana kusintha kwa lamuloli pa chifukwa chimenechi. Ndani aponye ndalama m'makina pamene pambali pake akugulitsa khofi wotentha ndi mabanzi? Pa otsutsa onse, awa ndi amene ine ndimawamvera kwambiri, ndipo nkhani yawo ndi yosavutanso kuikonza: kontirakiti ikhoza kuwasungira malo ogulitsira m'nyumba yatsopanoyo, kapena kuwapatsa gawo lokhazikika la lendi.

Ngakhale kumene malonda ndi ololedwa, wolemba kontirakiti akagona anthu amalira. Malo atsopano a pa Thruway atayamba kutsegulidwa, apaulendo anadandaula kuti ena ndi opanikiza, mipando yochepa, mizere yaitali. Ena mwa malowo anapatsidwa Chick-fil-A, lesitilanti imene simatsegula Lamlungu, tsiku limene msewu umadzaza ndi anthu obwerera kwawo. Aphungu ena a New York anachita kubweretsa bilu mu 2023 yoti makontirakiti a m'tsogolo azikakamiza kutsegula masiku onse asanu ndi awiri. Mfundo yaing'ono ngati imeneyo ikaiwalika, yaiwalika kwa zaka 33.

Zimene maiko ena anaphunzira kale

Abale athu a ku Britain amene amayenda pa misewu ikuluikulu ya M1 kapena M6 amadziwa Moto, Welcome Break ndi Roadchef, makampani oyendetsa malo opumira. Kumeneko malonda analipo kuyambira pamene malo opumira a Watford Gap anatsegulidwa mu 1959, koma boma linamanga amalonda ndi mfundo zolimba: kuti chikwangwani chawo chioneke pamsewu ayenera kutsegula maola 24, kupereka chimbudzi chaulere kwa aliyense, ndi kulola kuima kwaulere maola awiri. Msonkho sulipira wokolopa. Amalipira ndi wogula, ndipo amamva kuwawa: mafuta a pamenepo kawirikawiri amakwera ndi mapeni 20 kapena kuposa pa lita poyerekeza ndi a m'tauni. Walira mvula walira matope. Koma mwa matope omwewo munatuluka Tebay ku Cumbria, malo amene banja la alimi la a Dunning linatsegula mu 1972 msewu wa M6 utadutsa m'munda mwawo. Amagulitsa nyama ndi zakudya za alimi a m'deralo, ndipo malo awo ena a ku Gloucester amapereka gawo la zogulitsa ku bungwe lothandiza anthu a m'madera oyandikana nawo. Ndiye kuti malonda a pamsewu sayenera kukhala mdani wa mudzi nthawi zonse. Zimatengera amene wapatsidwa makiyi.

Germany ndi chenjezo. Kampani ya Tank & Rast, imene inali ya boma, inagulitsidwa mu 1998, ndipo ikuyendetsa pafupifupi malo onse amalonda a pa Autobahn, misewu ikuluikulu ya dzikolo. Chimbudzi chake n'chaukhondo, koma pakhomo pali kachitseko kozungulira: kuyambira November 2022 umaponya yuro imodzi, n'kulandira kapepala ka mtengo womwewo kokagulira kanthu m'sitolo mwawo, mmene mitengo ndi yokwera kale. Ambiri timapepalato timangothera m'matumba a majekete. Pamene malo ang'onoang'ono opanda sitolo, oimika galimoto ndi chimbudzi basi, anatsalira boma, ndipo ndi amene anthu amawadandaula za uve. Mnofu unapita kwa kampani, boma n'kutsala ndi fupa.

Japan inatenga njira ina pa misewu wamba. Malo otchedwa michi-no-eki anayamba mu 1993 ali 103, lero apitirira 1,200. Amakhazikitsidwa ndi makhonsolo, poimika galimoto ndi chimbudzi n'zaulere usana ndi usiku, ndipo m'kati alimi a m'deralo amagulitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso, paketi iliyonse ili ndi dzina la mlimi wake. Apa tauni siikulimbana ndi malo opumira, chifukwa malowo ndi ake. Si onse amene amapeza phindu, ena khonsolo imachita kuwonjezera ndalama.

Ndiye iti?

Chinthu chimene ofuna malonda sakonda kutchula ndi ichi: kampani imafuna malo amene pamadutsa galimoto zambirimbiri. I-95 pakati pa Washington ndi New York aliyense aithamangira. Koma kumeneko n'kumene malo opumira a boma safunika kwenikweni, poti mphambano zili pafupipafupi ndipo iliyonse ili ndi malo omwetsera mafuta. Malo amene moyo wa munthu umadalira, a m'chipululu cha Arizona kapena m'zigwa za Wyoming, ndi amene wamalonda sangawayang'ane kawiri: makasitomala ochepa, madzi ovuta, antchito ochokera kutali. Kungochotsa chiletso, chigawo chilichonse n'kumabwereketsa malo amodziamodzi, kubweretsa zomwe zija za ku Germany.

Ine ndikadakhala woponya voti, ndikadalola malonda, koma osati mwachisawawa. Malo onona ndi malo ouma amangidwe mtolo umodzi: amene akufuna la pafupi ndi mzinda atengenso awiri kapena atatu a kutchire, aziwakolopa ndi kuwaunikira. Apo ayi, lendi yonse ilowe m'thumba lotsekedwa la malo opumira okha, lisakakwirire maenje kwina. Mfundo za ku Britain zilembedwe m'lamulo, osati m'kontirakiti mokha: chimbudzi ndi madzi kwaulere, kutsegula usiku wonse ndi masiku onse, ndipo kwa mathiraki maola 10 athunthu, chifukwa maola awiri sathandiza munthu amene lamulo lamuuza kuti agone. Anthu osaona asungiridwe gawo lawo. Zaka 35 n'zambiri, pokhapokha kampani ikumanga nyumba yatsopano ndi ndalama zake, ndipo ngakhale pamenepo pakhale poonanso mgwirizano pakapita zaka zingapo. Pomwe mphambano yamalonda ili pafupi, chigawo chisamange sitolo yopikisana nayo, chigwiritse ntchito njira ya Oasis ija. Mafuta ndikadawasiya kaye kwa a pamphambano, koma kutchaja galimoto zamagetsi ndikadalola lero lomwe, chifukwa munthu amene akudikira batire kwa theka la ola ali kale pamalo opumira.

Ngakhale zonsezi zitachitika, zigawo zina zidzatsalabe ndi malo amene mtolo uliwonse sungawanyamule, makamaka kumene misewu ndi yaitali ndipo anthu ndi ochepa. Amenewo alipiridwe ndi msonkho, monga mmene amalipirira zitsulo zotchinga m'mphepete mwa msewu ndi mizere yoyera ya pakati, ndipo m'bajeti alembedwe pansi pa chitetezo cha pamsewu.